Mapiko a Nachisale

Padangokhala, ndipo amene muli nane munene kuti tili tonse, Chiswamphika ndi mkazi wake Nachisale.

Chiswamphika mukumudziwa: kamunthu kowonda, khosi lalitali, manja opinda pachifuwa ngati wamva chisanu. Koma pakamwa, ayi ndithu, panali pakuthwa. Akanatha kukuuzani kuti mchira wanu ndi wa mnzanu, inu n'kupita kukaubweza mukupepesa. Mkazi wake anali wamkulu thupi kumuposa, wofatsa, wosachulutsa mawu. Anali atangokwatirana chaka chomwecho ndipo ankakondana. Izi ndanenerathu chifukwa mukamva zimene zikubwerazi mungaganize kuti mwamunayo anali woipa mtima. Sanali woipa mtima ayi. Anali wochenjera basi.

M'dziko la tizilombo, chaka chilichonse udzu ukauma kunkabwera moto. Ankauyatsa ndi anthu osaka mbewa, ndipo sankauza aliyense tsiku lake. Choncho tizilombo tinagawikana pawiri. Touluka tinkamvera nduna Tombolombo, ndipo moto ukabuka tinkangonyamuka n'kuthawira kutsidya. Toyenda ndi miyendo tinkamvera kapitawo Nkhululu, ndipo tinkakumba dzenje lalikulu lobisalamo. Lamulo la dzenjelo linali lakuti wosakumba salowa. Okhawo amene ankalowa osagwira khasu anali amayi oyembekezera, ndipo ankapatsidwa malo a mkati mwenimweni, kozizira bwino.

Nachisale anali ndi pakati. Mwina mukuti basi nkhani yatha, apite akalowe m'dzenje. Dikirani kaye. Inali mimba yoyamba, ndipo mwambo wa kumeneko unali wakuti mimba yoyamba siitchulidwa. Mwini wake saitchula, mwamuna saitchula, mpaka namkungwi abwere, amukhazike mtsikanayo pamphasa, amulange za chisamba, kenako atuluke n'kuuza anthu. Wotchula namkungwi asanafike ankati waitanira tsoka ana amene ali m'mimbamo. Namkungwi wa dera lonselo anali mayi Nkhono. Ndipo Nkhono, monga mudziwa, chilimwe chikafika amalowa m'chigoba chake, n'kumata pakhomo, n'kugona mpaka mvula igwe.

Tsiku lina Nkhululu anafika pakhomo pa Chiswamphika, dothi lili mbuu kumutu.

"Odi kuno. Mawa tiyamba kukumba. Pakhomo pano ndikufuna makasu awiri."

Chiswamphika anayang'ana mkazi wake. Mapiko aatali a Nachisale ankaphimba mimbayo, moti mlendo sakanazindikira kanthu. Koma mwamunayo ankadziwa zimene zinali pansi pa mapikowo, ndipo anamuona m'maganizo atawerama tsiku lonse padzuwa, khasu m'manja. Mtima unamupweteka.

"A kapitawo, mwasochera," anatero. "Pano ndi pa ouluka."

"Iweyo ndinakuonapo ukuuluka. Nanga mayiwa?"

"Mapiko simukuwaona?"

"Ndikuwaona. Kuuluka kwake ndi kumene sindinakuone. Komabe ine za mlengalenga sindizidziwa, akaweruze ndi a Tombolombo. Akanena kuti ndinu awo, malo anu m'dzenje ndipatsa ena."

Nkhululu atachoka, Nachisale anakhala pansi.

"Amuna anga, ine ndinaulukapo ndili mtsikana, kuchoka paphesi lina kukatera pa lina. Koma mmene ndililimu ngakhale kamwala sindingakadumphe."

"Ndikudziwa, akazi anga. Ine ndikungofuna masiku. Tiwazengereze anthuwa mpaka mayi Nkhono adzuke. Akadzuka anena okha mawuwo, inu mukalowa m'dzenje osagwirako khasu."

"Nanga akapanda kudzuka?"

"Zimenezo ndisiyireni ine."

Madzulo amenewo Chiswamphika anapita kwa Nkhono. Anagogoda pachigoba, anaitana mwaulemu, anakhosomola, koma mkati munali zii. Pobwerera anapeza mkazi wake akuimba. Inali nyimbo yaifupi, ya mawu ochepa, yoimba motsitsa ngati yotonthoza khanda. Inkapempha mayi Nkhono kuti atsegule chitseko, inkanena za katundu amene mwini wake sangamutchule dzina, ndipo pothera inkafunsa kuti chimene chiyambe kufika ndi chiti, mvula kapena moto. Pofunsapo mawu ankakwera pang'ono, kenako n'kugwa.

M'mawa mwake kunabwera Tombolombo. Ameneyu maso anamudzaza mutu wonse, ndipo ankanyadira kuti palibe chimene chingadutse iye osachiona.

"Akuti mkazi wako amauluka."

"Kwambiri, bambo nduna. Ine amandisiya m'mbuyo."

"Chabwino. Mawa dzuwa likakwera ndimupeze pansonga pa phesi la mapira lija. Ndi lalitali, loterera, ndipo wa miyendo safikapo."

Kutangocha Chiswamphika anadzutsa mkazi wake. Anayamba kukwera phesilo ndi miyendo, Nachisale patsogolo, mwamuna pambuyo akukankha ndi mutu. Pa mfundo iliyonse mayiyo ankaima, n'kutseka maso, n'kudikira kuti chizungulire chithe. Anafika pansonga dzuwa litayamba kutentha, thukuta lili kamukamu. Posakhalitsa anamva mapiko a nduna.

"Tambasulani mapiko," ananong'ona Chiswamphika. Kenako anakweza mawu. "Pepani bambo, mwachedwa pang'ono chabe. Angotera kumene. Tamvani mmene akupumira."

Tombolombo anazungulira phesilo. Zoonadi mayiyo anali wefuwefu, mapiko akunjenjemera.

"Wachokera kuti?"

"Kutsidya, kukaona azakhali awo."

"Hmm. Kutera ndaona. Koma ine ndi nduna ya ouluka, osati ya otera. Mkuja ndimuone ali m'mwamba."

Kutsika kunavuta kuposa kukwera. Anafika pansi miyendo ya Nachisale itatupa. Chiswamphika anamugoneka, n'kuthamangiranso kwa Nkhono. Anagogoda mpaka manja kuwawa, osayankhidwa. Atabwerera anapeza nyimbo ija ikuimbidwa, ndipo tsopano mayiyo ankaibwereza kangapo asanapume.

Tsiku la mkuja litafika, Chiswamphika anakumana ndi nduna panjira, nkhope ili yaulemu kwambiri.

"Bambo, pali kanthu kamodzi. Mkazi wanga analeredwa bwino. Akuti sangadutse pamwamba pa mutu wa munthu wamkulu ngati inu muli pafupi, n'chipongwe. Ndiye mukakhale patali, pa chulu paja, muzionera pamenepo. Ine nditsala m'nyumba, chifukwa akamauluka ine ndikuyang'ana amachita manyazi."

Tombolombo anakondwa kumva kuti ndi munthu wamkulu, ndipo anapita kukakhala pachulu. Chiswamphika analowa m'nyumba, anatenga duku lofiira la mkazi wake, anamanga kumutu, n'kutulukira kuseri. Anakwera m'mwamba, anazungulira, anapendekeka uku ndi uku, duku likupepeluka, kenako anatsikira kuseri komwe kuja. Anavula dukulo n'kutulukira kumaso akuyasamula.

"Mwawaona, bambo?"

"Ndaona duku. Koma mkazi wako ndi wonenepa, ndipo amene ndaona ineyo ndi wowonda."

"M'mwamba aliyense amachepa. Inuyo mukakwera, ife pansi pano timakuonani ngati udzudzu."

Tombolombo sanakonde kufanizidwa ndi udzudzu. Anapukuta maso ake aakuluwo n'kunena kuti, "Komaliza. Mubwere nonse awiri ku mtengo wa mpoza kumene ouluka timasonkhana. Ndikuoneni nonse muli m'mwamba nthawi imodzi, pamaso pa anthu. Zikatero ndigamula."

Atatsala awiri, Nachisale analankhula mawu ambiri kuposa amene anali atalankhulapo chikwatirane.

"Amuna anga, tiyeni tigonje. Ndipite kokumba. Azimayi kumeneko ali ndi maso. Sadzatchula kanthu, koma adzaona mmene ndikuyendera, adzandipatsa kadengu kakang'ono kotayira dothi, adzandiuza kuti ndikhale pamthunzi ndiwasungire madzi. Azimayi amadziwa kuthandizana osatsegula pakamwa. Ndikakumbako ngakhale pang'ono, malo anga alipo."

"Ndi miyendo yotupayi?"

"Yatupa chifukwa cha phesi lija, osati khasu."

Mawu amenewo anamulasa, ndipo m'malo mowamva anakwiya. "Ndiye dziko lonse linene kuti Chiswamphika ananama? Kawiri konse ndawapusitsa, kwatsala kamodzi. Ndaganiza kale chochita, ndipo n'chokongola kuposa zonse zija."

Apa ndi pamene ine ndimamukwiyira munthu ameneyu. Poyamba ankanama kuti ateteze mkazi wake. Pofika tsiku limeneli ankateteza bodza lakelo, ndipo iye mwini sanazindikire kuti zinthu zasintha. Nachisale anavomera, chifukwa ankamukonda ndiponso anali atatopa.

Ku mpoza kunali kutali ndi dzenje. Kwa wouluka kanali kamtunda kosatopetsa, koma Nachisale anayenda tsiku lathunthu, akupuma pansi pa masamba. Mwamuna wake anatsogola. Anapeza ukonde umene kangaude anausiya, anasolola ulusi wake, anaupota mpaka unalimba, koma unali wowondabe moti padzuwa sunkaoneka. Mbali imodzi anamanga panthambi ya mpoza, mbali inayo anamanga mkazi wake m'khwapa, pansi pa mapiko.

Anthu anasonkhana, ouluka ndi oyenda omwe. Ngakhale Nkhululu anasiya khasu kudzaonerera. Chiswamphika anawakhazika onse moyang'anana ndi dzuwa, akuti kumeneko ndiye koonekera bwino. Kenako anakwera panthambi pamene mkazi wake ankadikira.

"Ndikuopa," anatero Nachisale.

"Ulusi ndi wolimba. Tambasulani mapiko, musayang'ane pansi."

Anamukankha. Nachisale anachoka panthambi n'kulendewera, kamphepo kanamutenga kupita naye uku, kubwera naye uku, mapiko ake obiriwira ali tambalale. Mwamuna wake ankauluka momuzungulira, akumukankha pang'ono akafuna kuima. Anthu pansi anatchinga maso ndi manja chifukwa cha dzuwa, ndipo chimene anaona ndi banja likuvina m'mwamba. Azimayi analuluta. Ndipo Nachisale, amene anali asanaseke kwa masiku ambiri, anaseka. Mwamuna wake atamva kusekako anaganiza kuti wachita bwino.

Tombolombo anaimirira. "Ndaona ndi maso angawa, ndipo maso anga sanamizidwa. Banja ili ndi langa. Kuyambira lero muzikhala pompano pa mpoza pamodzi ndi ouluka anzanu. Moto ukabuka tinyamukira pano."

Nkhululu anagwedeza mutu. "Ndinakukayikira, Chiswamphika, undikhululukire. Malo anu ndipatsa a Bongololo, amene akhala akudandaula kuti ndi aatali ndipo pamene ndinawapatsa sakukwanapo."

Anthu atabalalika, Chiswamphika anamasula mkazi wake. Ulusi unali utamucheka m'khwapa.

"Mwapambana, amuna anga," anatero mayiyo. "Tsopano malo m'dzenje tilibe, ndipo dzenjelo lili kutali. Titani?"

Chiswamphika anali atakonzekera mayeso onse, osakonzekera zopambana. Anauluka molunjika kwa Nkhono. Ulendo uno sanagogode. Anatunga madzi m'katsamba, anakwera pamwamba pa chigoba, n'kumadontheza pang'onopang'ono, do, do, do, kwinaku akugunda tsamba louma kuti limveke ngati bingu lakutali. Anachita zimenezi mpaka mkati munamveka kutakataka.

"Mayi, mvula yagwa. Tulukani, pali mtsikana akukudikirani."

Mawu atulo anatuluka m'chigobamo. "Mvula ikagwa dothi limanunkhira. Ndani akusewera ndi madzi pakhomo panga?"

Ndipo munabwereranso zii. Nduna anaipusitsa, kapitawo anamupusitsa, khamu lonse analipusitsa, koma munthu mmodzi yekhayo amene ankafunika kupusitsidwa anakana ali m'tulo. Chiswamphika anabwerera ku mpoza mapiko ali lende. Ali patali anamva nyimbo ija, ndipo anaima kaye kuseri kwa tsamba mpaka ithe, chifukwa analibe nkhope yolowera nayo.

Moto unabwera masana, patangopita masiku ochepa. Kunayamba fungo, kenako phulusa louluka, kenako phokoso la udzu ukuthetheka. Tombolombo anafuula kuti onse anyamuke, ndipo mpoza wonse unachita ngati waphulika: ziwala, agulugufe, mavu, njuchi, onse m'mwamba. Palibe amene anayang'ana m'mbuyo, chifukwa aliyense ankadziwa kuti pamtengopo palibe wosauluka.

Nachisale anaima kumapeto kwa nthambi. Anatambasula mapiko, anawakupiza ndi mphamvu zake zonse, n'kudumpha. Anagwa pansi ngati chipatso chakupsa.

"Musasunthe," anatero Chiswamphika. "Ndikubwera."

Anauluka ngati wamisala mpaka kudzenje. Anapeza Nkhululu akumata pakhomo, kwatsala kampata kakang'ono.

"A kapitawo, tsegulani. Mkazi wanga alowe."

"Mkazi wako ndi wa a Tombolombo."

"Sauluka. Sangathe." Mawu oletsedwa aja anali pakhosi, ndipo anawalavula. "Ali ndi pakati. Mimba yoyamba."

M'dzenjemo azimayi anagwira pakamwa. Nkhululu anasuzumira pakampatako.

"Woyembekezera amene ndinamuona akuvina m'mwamba?"

"Unali ulusi wa kangaude. Ndinamumangirira panthambi. Tsiku la duku lija ndinali ine. Paphesi paja anakwera ndi miyendo. Zonse ndinanama."

"Ndiye ndidziwa bwanji tsiku limene ukunama, lija kapena lero?"

Chiswamphika anagwada. Anangolira. Mkatimo munamveka mawu a Bongololo: "Ngati n'zoona abwere. Ine ndidzipinda, malo apezeka."

Nkhululu anapumira m'mwamba. "Wamva. Kampataka ndikasiya mpaka utsi ufike pano. Utsi ukafika nditseka, chifukwa muno muli ana a anthu. Kamutenge msanga."

Msanga wake uti? Mtunda umene Nachisale anauyenda tsiku lathunthu, moto unali kuudya ngati munthu wanjala. Chiswamphika anadziwa zimenezi asananyamuke n'komwe, komabe anathokoza, n'kubwerera.

Sanamupeze pansi pamene anamusiya. Mayiyo anali atakweranso mpoza, pang'onopang'ono, mpaka panthambi ya pamwamba. Kugwa kuja kunali kutafulumizitsa nthawi yake.

"Akazi anga, a Bongololo akuti adzipinda. Tiyeni, ndikuberekani."

"Mundibereka inu?" Anamwetulira pang'ono. "Nthawi yakwana, amuna anga. Tembenukani. Mwamuna saona zimenezi."

"Lero mwambo ulibe ntchito."

"Kwa ine uli nayo. Palibe namkungwi, palibe mzamba, palibe mayi anga. Chimene chatsala n'choti inu mutembenuke. Muziyang'ana motowo, muzindiuza pamene wafika."

Chiswamphika anatembenuka. Kumbuyo kwake ankamva mkazi wake akubuula motsitsa. Kutsogolo kwake moto unkabwera.

"Wafika pati?"

"Ukadali kutali."

"Lero lokha ndiuzeni zoona."

"Wafika paphesi la mapira lija."

Panapita kanthawi.

"Wafika pati?"

"Wadutsa chulu."

Nachisale anaikira mazira ake panthambipo. Palibe amene anamuphunzitsa, koma anatulutsa thovu m'thupi mwake, analipuntha mpaka linakwera, n'kukuta nalo mazirawo mbali zonse, kuti likauma likhale ngati kanyumba kolimba. Anagwira ntchitoyo mosafulumira, ngati kuti kunja kuli bata.

"Tembenukani tsopano."

Chiswamphika anatembenuka n'kuona kanyumbako, koyera, komata bwino panthambi. Kenako anaona mkazi wake. Mimba ija inali itaphwa.

"Mwapepuka," anatero. "Nachisale, mwapepuka. Tambasulani mapiko. Mphepo yotenthayi ikukwera m'mwamba, ikunyamulani. Mpoza supsa msanga, ana ali pamwamba, moto udutsa pansi. Tiyeni."

Ulendo uno sankanama. Mayiyo anatambasula mapiko, ndipo mphepo inawadzaza mpaka miyendo yake yakutsogolo inanyamuka panthambi. Anayang'ana kumwamba kumene anzawo anali atapita. Kenako anacheuka kuti aone ana ake komaliza, ndipo anaona udzu.

Unali udzu umodzi wa tsekera, wautali, wouma gwa. Unamera pansi pa mpoza n'kutsamira panthambi, ndipo ngayaye zake zinkakhudza kanyumba ka mazira kaja, thovu lake lisanaume n'komwe. Moto ukangogwira tsinde lake ukanakwera nawo ngati pamakwerero.

Chiswamphika naye anauona. Anaulumphira, anaukoka, anadzilendeweretsa kunsonga kwake. Udzuwo sunasunthe, chifukwa iye anali wopepuka ngati nthenga. Anatsikira kutsinde kuti aucheke ndi manja ake a minga, koma kutentha kunamubweza asanaukhudze. Anafunafuna ulusi uja kuti aukoke nawo, n'kupeza utafota kale ndi kutentha.

Nachisale anapinda mapiko ake. Anachoka panthambi n'kuponda paudzupo. Ngakhale anali atapepuka, anali wolemerabe kuposa mwamuna wake, ndipo tsekera anawerama, anachoka panthambi, anapita naye kutali ndi mazira, kutsikira kumene moto unkabwera.

"Mukauleka ubwerera," anatero Chiswamphika.

"Ndikudziwa."

"Dikirani, ndiganize. Pali njira. Nthawi zonse pamakhala njira."

"Ganizani muli m'mwamba, amuna anga. Pitani. Ana asadzatuluke n'kupeza palibe wowalandira."

"Ndinakulakwirani."

"Munandikonda mopusa. Pitani."

Chiswamphika anazungulirabe pamenepo mpaka nsonga za mapiko ake zinayamba kupsa, ndipo utsi unamukankhira m'mwamba. Ali m'mwambamo anamva nyimbo ija. Mayiyo sanaitanenso Nkhono, ndipo funso la pothera lija sanalifunse. Anangoimba chapakati pake, za katundu wopanda dzina, koma tsopano anamutchula dzina, anati ana anga. Anaibwereza mpaka phokoso la moto linaiphimba.

Moto utadutsa Chiswamphika anabwerera. Kanyumba ka mazira kanali pomwepo, kachita kufiirira mbali imodzi koma kathunthu. Udzu uja kunalibe. Anafukula phulusa pansi pa mpoza ndi manja mpaka madzulo, osapeza ngakhale kachidutswa ka phiko.

M'mawa mwake anapita kukanena za maliro. Anayambira kwa Tombolombo.

"Bambo nduna, kwathu kwagwa zovuta. Mkazi wanga watisiya pamoto uja."

Tombolombo anaseka mwachisoni n'kumugwira paphewa. "Mkazi wa mapiko ngati aja angapse? Wakuthawa, mphwanga. Wapezerapo mwayi pa chipwirikiti chija, ndipo pano ali kutsidya kwa azakhali ake. Limba mtima, upeza wina."

Anapita kwa Nkhululu.

"Tinadikira," anatero kapitawoyo. "Utsi unalowa mpaka ana anayamba kutsokomola, a Bongololo ali chipindire. Simunabwere. Ndiye tinadziwa kuti munauluka nonse, ndipo zija unanena pakhomo zinali zako zomwe zija. Mtembo uli kuti?"

"Palibe."

"Ndiye tikalire chiyani?"

Anayenda khomo ndi khomo, akufotokoza za phesi, za duku, za ulusi. Anthu ankamvetsera, ena n'kumaseka kuti nkhaniyo waipeka bwino. Onse anali ataona ndi maso awo Nachisale akuvina m'mwamba, ndipo palibe amene anafuna kuvomera kuti maso ake anapusitsidwa. Pamaliro a mayi amene anafera ana ake sipanabwere munthu ngakhale mmodzi. Chiswamphika anakhala yekha pansi pa mpoza, akulira popanda womuthandiza kulira. Ine zimenezi zimandiwawa kuposa motowo.

Mvula itagwa, mayi Nkhono anafika, akudzikoka pang'onopang'ono. Chiswamphika anangoloza panthambi. Nkhono anakwera, anakayendera kanyumbako mbali zonse, anakagwira ndi nyanga zake.

"Wamata bwino. Anamulangiza ndani?"

"Palibe."

Nkhono anaona mbali yofiirira ija, anayang'ana pansi pamene panali phulusa, n'kutsika. Anakhala pambali pa Chiswamphika n'kulira naye. Mwa anthu onse a m'dzikomo ndi iye yekha amene anakhulupirira.

Patapita nthawi kanyumba kaja kanang'ambika, ndipo ana anatuluka, ambirimbiri, ang'onoang'ono ngati nyerere, onse opanda mapiko, pakuti ana a chiswamphika mapiko amamera atakula. Bambo wawo anawalandira mmodzimmodzi. Anawaphunzitsa kusaka, kubisala, ndi kukhala phee mbalame ikamadutsa. Zochenjera zija sanawaphunzitse.

Tsiku lina mwana wamkazi, amene anatengera thupi la mayi ake, anabwera kuchokera kosewera nkhope itagwa.

"Atate, anzanga akuti amayi anauluka n'kutisiya. Akuti ankauluka kuposa aliyense."

"Sanakusiyeni."

"Nanga ankauluka?"

Chiswamphika anali ndi mayankho ambiri okoma, ndipo onse anabwera pakamwa nthawi imodzi monga kale. Akanatha kunena kuti inde, mwanayo n'kupita akunyada. Akanatha kunena kuti ayi, n'kutsutsa dziko lonse. Anayang'ana kamsana ka mwanayo, pamene mapiko anali asanamere.

"Sindidziwa, mwanangu," anatero. "Tsiku limene akanatha kuyesa, anagwira udzu kuti inu musapse."

Ine ndalekera pomwepa. Amene mwagwetsa msozi pukutani, nthano yatha.